Osagula jasimini ndi mphuno: phunzirani kusiyanitsa mitundu yake

Mwezi wa Okutobala chaka chatha mayi ena oweta ng'ombe zamkaka anandiitana kuti ndikaone mbande zomwe anagula kwa wogulitsa maluwa wa m'mbali mwa msewu. Anagula machubu 30 ndipo anawauza kuti onsewo ndi jasimini. Maganizo awo anali abwino. Ankafuna mpanda wonunkhira pakhomo, komanso kuti mitengoyo ikakula azidulako nthambi n'kumapanga mbande zogulitsa pa tsiku la msika.

Nditaona mbandezo ndinapeza kuti machubu 8 okha ndiwo anali jasimini weniweni. Machubu 12 anali chitsamba cha m'banja la malalanje, ndipo 10 otsalawo anali chomera cha poizoni. Choopsa n'chakuti khumi amenewa anali atabzalidwa kale m'mbali mwa khola, pamalo pomwe ana a ng'ombe amasuzumira akamafuna msipu. Tinazula tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti wogulitsayo anali wakuba ayi. Mwina nayenso anapatsidwa dzina lomwelo ndi amene anamugawira mbewu. Vuto ndi lakuti dzina loti jasimini anthu amangolipereka kwa duwa lililonse loyera ndi lonunkhira. Tsono phunziro lathu sabata ino ndi lakuti: dzina ndi fungo zimanamiza, koma tsamba, utomoni, m'kati mwa duwa ndi chipatso sizinama. Mlimi aliyense angathe kuyang'ana zinthu zinayizi ali chiimire pamsika, popanda chipangizo china koma maso ndi chikhadabo.

Kodi jasimini n'chiyani?

Jasimini ndi gulu la zomera zomwe akatswiri amazitcha Jasminum. Pali mitundu pafupifupi 200, ndipo kwawo ndi kumadera otentha a Africa, Asia ndi Australia. Zili m'banja limodzi ndi mtengo wa azitona uja timaumva m'Baibulo. Zina ndi zitsamba, koma zambiri zimayanga pa mitengo ndi pa mipanda. Maluwa ake amakhala oyera kapena achikasu. Duwa lililonse lili ndi khosi lalitali lopyapyala, ndipo kumapeto kwa khosilo limatambasuka ngati nyenyezi. Tizigawo totambasukato m'phunziro lino tizititcha timapiko ta duwa.

M'maiko ena jasimini ndi mbewu ya ndalama. Ku Egypt ndi ku India alimi amathyola maluwa ake usiku mpaka m'bandakucha n'kukagulitsa ku mafakitale opanga mafuta onunkhira. Makilogalamu 1,000 a maluwa amatulutsa makilogalamu pafupifupi 3 okha a phula lonunkhira. Ku China amasakaniza maluwa a mtundu wina ndi masamba a tiyi kuti tiyiyo azinunkhira. Kwathu kuno ambiri amabzala pofuna kukongoletsa pakhomo, ndipo ndalama zimapezeka pogulitsa mbande. Koma kaya mukubzalira fungo kaya ndalama, choyamba ndi kudziwa chimene mwabzala.

Zinthu zinayi zofunika kuyang'ana

1. Kakhalidwe ka masamba pa nthambi. Masamba a jasimini amamera awiriawiri moyang'anana pa mfundo imodzi, monga amachitira masamba a gwafa kapena a khofi. Nthawi zina amakhala atatu pa mfundo imodzi. Zomera zina masamba ake amamera limodzilimodzi mosinthana, lina uku lina uko, monga a fodya ndi a mango. Mukaona chomera cha maluwa oyera chomwe masamba ake ndi osinthana chotere, yambani kukayika. Pali mitundu yochepa ya jasimini wa maluwa achikasu yomwe masamba ake ndi osinthana, koma imeneyo muidziwa ndi mfundo yachitatu.

Apa chenjerani kuti musasokoneze tsamba ndi timasamba. Tsamba la nyemba ndi limodzi, koma lili ndi timasamba titatu. Tsamba la nimu ndi limodzi, koma lili ndi timasamba tambiri. Tsamba lenileni limayambira pamene pali diso, pakhwapa paja pamene pamatuluka mphukira zomwe timathyola pa fodya. Pomwe payambira kakatsamba palibe diso.

2. Utomoni. Thyolani tsamba limodzi n'kuyang'ana pothyokapo. Jasimini satuluka utomoni woyera. Mukaona mkaka ukutuluka ngati wa nkhadze kapena wa papaya wosapsa, dziwani kuti chomeracho si jasimini. Musagwire m'maso musanasambe m'manja.

3. M'kati mwa duwa. Iyi ndiyo mfundo yaikulu koposa zonse. Tengani duwa limodzi, ling'ambeni khosi m'litali ndi chikhadabo kapena lezala. M'katimo muona timitu tachikasu tonyamula mungu. Duwa la jasimini lili ndi timitu tiwiri tokha, tobisala m'khosi. Duwa la fodya lili ndi tisanu, choncho mungathe kuphunzirira pa fodya kuti maso azolowere. Mukawerenga timitu tisanu kapena khumi, chomeracho si jasimini ngakhale chinunkhire bwanji. Musawerengere limodzi kaulusi kamodzi kapakati, chifukwa kameneko ndi mbali yaikazi ya duwa.

4. Chipatso. Jasimini akabereka, zipatso zake ndi tating'ono tofewa, takuda bii tikapsa, ndipo kawirikawiri timakhala tiwiri togundana ngati mapasa. Zipatso zoyera, zofiira kapena zikhokhombe zazitali si za jasimini.

Kuwerenga timapiko kumathandizanso koma sikokwanira pakokha. Zomera zambiri zonamizira zili ndi timapiko tisanu nthawi zonse, pamene jasimini angakhale ndi tisanu, tisanu ndi tiwiri, ngakhale topitirira khumi.

Zomera zongobwereka dzina

Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tiyambe ndi zomera zinayi zomwe zimagulitsidwa ndi dzina la jasimini pamene si jasimini.

Choyamba ndi Cestrum nocturnum, chomwe ambiri amachidziwa ndi dzina loti Queen of the night, ena amati jasimini wausiku. Kwawo ndi ku Central America ndi zilumba za West Indies. Chili m'banja la fodya, tomato ndi mbatata ya kachewere. Ndi chitsamba chotalika kuposa munthu, cha nthambi zazitali zowerama. Masamba ake ndi osinthana, aatali, ndipo mukawafikisa m'manja amanunkha moipa. Maluwa ake ndi obiriwira moyererako, khosi lalitali, timapiko tisanu tating'onoting'ono, timitu ta mungu tisanu. Masana samveka fungo kwenikweni, koma dzuwa likangolowa fungo limadzaza bwalo lonse, mpaka ena mutu umawawa. Zipatso zake ndi zoyera.

Chomera chimenechi ndi abale ake onse muziwatenga kuti ndi poizoni. M'bale wake wina, Cestrum aurantiacum, wa maluwa a mtundu wa lalanje lakupsa ndi zipatso zoyera, wapha ng'ombe ku Kenya. Wina, Cestrum laevigatum, wa zipatso zakuda, ndiye amayambitsa matenda a ng'ombe omwe ku South Africa anawapatsa dzina la chigwa cha Chase Valley, pafupi ndi mzinda wa Pietermaritzburg. Poizoni wake amaononga chiwindi. Ng'ombe imachucha dovu ndi misozi, imapinda msana, imadzandira, ndipo ingathe kufa pasanathe masiku awiri kapena atatu. Nthawi yoopsa ndi yachilimwe pamene msipu wauma koma chitsambachi chikadali chobiriwira. Nthambi zosadza zomwe zafota zimakhalabe ndi poizoni, choncho kuponya zosadza za mpanda m'khola ndi kuika chuma chanu pa ngozi.

Chachiwiri ndi Murraya paniculata, chomwe amachitcha jasimini wa lalanje. Ndi chitsamba chokongola cha masamba obiriwira kwambiri ndi onyezimira, ndipo ambiri amachikonda pa mpanda chifukwa chimasadzika bwino. Tsamba lake lili ndi timasamba kuyambira 3 mpaka 9, ndipo masamba ndi timasamba tomwe, zonse n'zosinthana. Mukayang'anitsa kakatsamba mokalozetsa ku dzuwa muona timadontho ta mafuta ngati ta tsamba la ndimu. Duwa lake lilibe khosi lalitali. Timapiko tisanu timayambira pansi kalikonse pakokha n'kupindikira kumbuyo, ndipo timitu ta mungu ndi khumi, toonekera poyera. Zipatso zake ndi zofiira.

Chomerachi ndi m'bale wa malalanje, mandimu ndi manachesi. Chimasunga kachilombo kouluka kotchedwa Diaphorina citri komwe kamafalitsa matenda a greening, omwe amachititsa masamba a malalanje kukhala achikasu ndi zipatso kukhala zazing'ono, zopotoka ndi zowawa. Kachilomboka kwawo ndi ku Asia, koma m'zaka za pakati pa 2010 ndi 2020 kanapezeka ku Tanzania ndi ku Kenya. Motero alimi a manachesi a ku Mwanza ndi ku Neno, ndi wina aliyense amene ali ndi nazale ya malalanje, ndi bwino kusabzala mpanda wa chomerachi pafupi ndi mitengo yawo.

Chachitatu ndi Trachelospermum jasminoides, chomwe amati jasimini wa nyenyezi. Ichi ndicho chimanamiza anthu ambiri, chifukwa chimayanga, masamba ake ndi oyang'anana, ndipo maluwa ndi oyera onunkhira. Koma masambawo ndi okhuthala ngati chikopa, ndipo mukathyola limodzi mkaka umatuluka pompo. Timapiko take tisanu ndi topotokera mbali imodzi ngati kamphepo kamene ana amapanga ndi pepala. Chikabereka chimatulutsa zikhokhombe ziwiri zazitali zopyapyala. Ndi duwa labwino pa mpanda wa waya, koma ligulitsidwe ndi dzina lake. Utomoni wake umayabwa pa khungu la anthu ena.

Chachinayi ndi Gelsemium sempervirens, chomwe amati jasimini wachikasu kapena Carolina jasmine. Kwawo ndi kummwera chakummawa kwa United States mpaka ku Guatemala. Chimayanga ndi timitsinde topyapyala tofiirira ngati waya. Tsamba lake ndi limodzi losagawikana, lalitali, losongoka ndi lonyezimira. Duwa lake ndi lachikasu, lotambalala kukamwa ngati fanulo, la timapiko tisanu ndi timitu ta mungu tisanu, ndipo limanunkhira. Chomera chonsechi, kuyambira muzu mpaka duwa, ndi poizoni wamphamvu kwa anthu ndi ziweto. Chisapezeke pomwe ana amasewera.

Jasimini weniweni wa tsamba losagawikana

Mukatsimikiza kuti chomera chanu ndi jasimini, funso lotsatira ndi lakuti ndi mtundu uti. Njira yapafupi ndi kuyang'ananso tsamba. Kodi ndi limodzi losagawikana, lili ndi timasamba titatu, kapena lili ndi timasamba tambiri?

Pa gulu la tsamba losagawikana, wodziwika kwambiri ndi Jasminum sambac. Anthu amamutcha jasimini wa Aluya ngakhale kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Ndiye amaikidwa mu tiyi ku China, ndipo dziko la Philippines linamusankha kukhala duwa la fuko m'chaka cha 1934. Masamba ake ndi otambalala, ooneka ngati dzira, onyezimira, a mitsempha yoonekera bwino, ndipo kaphesi ka tsamba ndi kakafupi kwambiri. Maluwa ndi oyera mbee, okhuthala, ndipo amatuluka ochepa pa nsonga ya nthambi. Amatseguka madzulo, fungo lake ndi lamphamvu, ndipo akamafota amasanduka ofiirira. Amakonda malo otentha, choncho nyengo ya m'mbali mwa nyanja ndi ya kuchigwa cha Shire imamuyanja malinga madzi alipo.

Amene amasokonezedwa naye ndi Jasminum multiflorum. Nayenso masamba ake ndi osagawikana ndipo maluwa ndi oyera, koma mukasisita tsamba ndi nthambi yanthete mumva ubweya wofewa ponseponse. Tsamba lake silinyezimira, ndipo kutsinde kwake limaoneka ngati mtima. Maluwa amatuluka ambiri mothithikana pamalo amodzi, timapiko take ndi topyapyala tosongoka, ndipo fungo ndi lochepa kwambiri, nthawi zina losamveka n'komwe. Munthu amene wagula mtundu uwu pofuna fungo la sambac wataya ndalama zake.

M'tchire lathu mulinso Jasminum stenolobum, kachitsamba kakafupi kapena koyanga pang'ono, ka masamba ang'onoang'ono osagawikana. Maluwa ake ndi oyera, onunkhira, a timapiko tambiri topyapyala ngati nyenyezi, ndipo amaoneka cha kumayambiriro kwa mvula. Ambiri timakadutsa popita kumunda osadziwa kuti ndi m'bale wa duwa lomwe tikugula ndi ndalama.

Mitundu itatu ya sambac

Sambac yemweyo ali ndi mitundu ingapo yomwe alimi a maluwa anasankha, ndipo itatu ndiyo imatchulidwa kawirikawiri.

Maid of Orleans ali ndi mzere umodzi wa timapiko tozungulira, tisanu kapena kuposerapo. Amakula msanga, amachita maluwa kawirikawiri, ndipo nthambi zake zodula sizivuta kugwira. Woyamba kumene ulimi wa mbande ayambe ndi ameneyu.

Belle of India ali ndi timapiko tatitali topyapyala, pa mzere umodzi kapena iwiri. Duwa lisanatseguke limakhala lalitali losongoka, pamene la Maid of Orleans limakhala lalifupi lonenepa.

Grand Duke of Tuscany ali ndi timapiko tambirimbiri tosanjikizana, moti duwa limaoneka ngati karozi kakang'ono koyera. Masamba ake ndi ozungulira, oyandikana, ndipo nthawi zambiri amakhala atatu pa mfundo imodzi. Amakula pang'onopang'ono. Pa mtundu uwu timitu ta mungu sitioneka bwino chifukwa tina tinasanduka timapiko, choncho dalirani masamba ndi kusowa kwa utomoni.

Dziwaninso kuti sambac wobzalidwa pakhomo sabereka njere kawirikawiri. Amachulukitsidwa ndi nthambi. Wina akakutsatsani njere m'kapepala n'kunena kuti ndi za Grand Duke of Tuscany, sungani ndalama zanu m'thumba.

Jasimini wa timasamba titatu

Pa gulu ili pali jasimini wathu wakuthengo, Jasminum fluminense. Amayanga pa zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, pa zulu ndi m'malunje, m'Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi maiko ena ambiri a mu Africa. Tsamba lake lili ndi timasamba titatu ngati la nyemba, ndipo kapakati ndi kokulirapo. Nthambi zanthete ndi masamba zili ndi ubweya, ndipo kunsi kwa tsamba, pomwe mitsempha imakumana, pamakhala timiulu ta ubweya. Maluwa ndi oyera, onunkhira kwambiri madzulo, a timapiko kuyambira 5 mpaka 7. Zipatso ndi zakuda ndipo mbalame zimazikonda.

M'mabuku ena amamutcha jasimini wa ku Brazil, chifukwa amene anayamba kumulemba, wansembe José Mariano Vellozo, anamupeza kudera la Rio de Janeiro. Koma kumeneko anachita kupita naye, kwawo ndi kuno. Ku Florida ndi ku Hawaii wasanduka udzu wovuta umene ukuphimba mitengo. Ichi chikutiphunzitsa kuti amakula mwamphamvu, choncho musamulole kukwera pa mitengo ya zipatso.

M'bale wake ndi Jasminum abyssinicum, amene amapezeka m'nkhalango za m'mapiri momwe mumagwa mvula yambiri. Nayenso ali ndi timasamba titatu, koma ndi tokulirapo, tobiriwira kwambiri ndi tonyezimira, ndipo amakwera mpaka pamwamba pa mitengo italiitali. Kunja kwa duwa lake kumakhala kofiirira pang'ono. Malo omwe mwamupeza akuthandizani: wa m'chigwa ndi pachulu, waubweya, kawirikawiri ndi fluminense, pamene wa m'nkhalango yozizira, wonyezimira, ndi abyssinicum.

Wachitatu ndi Jasminum mesnyi wochokera ku China, amene ndi jasimini weniweni wachikasu. Nthambi zake zanthete ndi zobiriwira ndipo zili ndi ngodya zinayi. Mukaizunguza pakati pa zala mumva kuti si yobulungira. Sizizengereza pa mtengo koma zimangowerama n'kugwera pansi. Maluwa ndi achikasu, otambalala, a timapiko tosanjikizana pang'ono, ndipo fungo lake ndi losamveka kwenikweni. Uyu ndiye muyenera kumusiyanitsa bwino ndi Gelsemium wa poizoni uja. Kumbukirani motere: wachikasu wa timasamba titatu ndi nthambi ya ngodya zinayi ndi jasimini, wachikasu wa tsamba limodzi ndi tsinde lozengereza ngati waya ndi poizoni.

Jasimini wa timasamba tambiri

Apa pali mitundu itatu yomwe imavuta ngakhale anthu ozolowera maluwa, chifukwa yonse imayanga, maluwa ndi oyera, ndipo timapiko kawirikawiri ndi tisanu.

Jasminum polyanthum ndiye wosavuta kumudziwa akachita maluwa. Maluwa osatseguka amakhala a pinki, ndipo amatuluka ochuluka zedi nthawi imodzi mpaka kuphimba masamba. Izi zimachitika chisanu chikamatha, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, kenaka amakhala miyezi yambiri opanda duwa. Tsamba lili ndi timasamba 5 kapena 7, ndipo kakatsamba kalikonse kali ndi mitsempha itatu yoyambira kutsinde. Amachita bwino kumalo ozizira. Nthambi zake zikagwa pansi zimathamanga n'kumamera mizu pa mfundo iliyonse, ndipo ku Australia ndi ku New Zealand wasanduka udzu woononga nkhalango. Zosadza zake musataye kudambo kapena m'mbali mwa mtsinje.

Jasminum officinale ali ndi timasamba kuyambira 5 mpaka 9. Chizindikiro chake ndi kakatsamba kakunsonga, komwe ndi kakakulu kuposa tinzake tonse, katali ndi kosongoka ngati mkondo. Timasamba ta m'mbali natonso n'tosongoka. Maluwa amatuluka ochepa pa tsango, pang'onopang'ono m'nyengo yotentha.

Jasminum grandiflorum ndiye wa mafuta onunkhira amene amalimidwa ku Egypt, ku India ndi ku Grasse m'dziko la France. Timasamba take timafika mpaka 11. Kakunsonga sikaposa tinzake kwambiri, ndipo nthawi zambiri kamalumikizana ndi tiwiri toyandikana nako. Timasamba ta m'mbali ndi tobuntha kunsonga. Maluwa ndi okulirapo kuposa a officinale, ofiirira kunja, ndipo amatuluka motalikirana pa tsango lomasuka. Pa tsangolo duwa lapakati limakhala ndi kaphesi kakafupi kuposa a m'mbali.

Mwachidule, maluwa a pinki ochuluka nthawi imodzi ndi polyanthum. Kakatsamba kakunsonga kakakulu kosongoka ndi officinale. Timasamba tofananako kukula ndi maluwa aakulu ndi grandiflorum.

Malangizo pogula ndi pogulitsa mbande

Gulani mbande yomwe ili ndi duwa, kapena pemphani kuti akuonetseni mtengo womwe anadulako. Wogulitsa wachilungamo sakana. Ngati mbande ilibe duwa, yang'anani masamba ndi utomoni, gulani imodzi kapena ziwiri, ndipo muzisunge m'chubu kutali ndi ziweto mpaka zitaonetsa duwa. Musagule machubu 30 tsiku limodzi chifukwa cha dzina.

Inu amene muli ndi nazale, mtengo uliwonse wodulako nthambi ukhale ndi chikwangwani chake. Dulani mtundu umodzi, malizani kubzala ndi kulemba, kenaka mupite pa wina. Nthambi zodula zikasakanikirana m'ndowa imodzi zimavuta kuzisiyanitsa. Sankhani nthambi zomwe zayamba kukhwima, zotalika masentimita 15 mpaka 20, za mfundo zitatu kapena zinayi. Chotsani masamba apansi, zikani m'dothi losakaniza ndi mchenga pamthunzi, ndipo thirirani mosadzaza madzi. Zambiri zimatulutsa mizu pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Njira ina ndi kuweramitsa nthambi, kuikwirira pa mfundo ikadali pa mtengo wake, n'kudzaidula ikamera mizu.

Kasitomala amene mwamugulitsa Cestrum m'malo mwa jasimini sadzabweranso, ndipo mbuzi yake ikafa nkhani idzafika kwa amfumu. Amene mukuganiza zolima maluwa ambiri ogulitsa, yambani mwapeza wogula ndi kumva mtundu umene akufuna. Maluwa a jasimini amafota tsiku lomwelo, sangadikire msika monga amachitira mtedza m'nkhokwe.

Ngati muli kale ndi chomera cha poizoni

Ngati Cestrum kapena Gelsemium ali pafupi ndi khola, podyetsera ziweto kapena posewera ana, zulani ndi mizu yomwe, chifukwa chitsa chikatsala chimaphukanso. Unjikani pamalo pomwe ziweto sizifika, ziume, kenaka mutenthe. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza. Yenderani pansi pa mitengo ndi m'mbali mwa mipanda mvula ikagwa, popeza mbalame zimamwaza njere za Cestrum.

Chiweto chikadya n'kuyamba kuonetsa zizindikiro zomwe tatchula, chotsani ziweto zonse pamalopo ndi kuitana alangizi a ziweto mwamsanga. Atengereni nthambi ya chomeracho kuti aone. Musadye kapena kugulitsa nyama ya chiweto chomwe chafa chokha. Mwana akadya zipatso kapena kuyamwa maluwa a zomerazi, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula nthambi ya masamba ndi maluwa. Musadikire kuti ayambe kudwala. Ndipo musaike duwa lililonse mu tiyi chifukwa choti mwamva kuti ku China amatero, pokhapokha mutatsimikiza kuti ndi sambac ndiponso kuti sanapoperedwe mankhwala.

Mukakayika, funsani

Safunsa anadya phula. Chomera chikakusokonezani, dulani nthambi yotalika ngati chikhatho ndi theka yokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso ngati zilipo. Iyaleni pakati pa nyuzipepala zakale, tsindikani ndi thabwa ndi njerwa, ndipo sinthani mapepalawo tsiku lililonse mpaka iume. Lembani malo omwe mwaipeza, tsiku, mtundu wa duwa lisanaume, ngati limanunkhira, ndiponso ngati munaona utomoni. Kaonetseni alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe likulu lake lili ku Zomba, ndilo limasunga zitsanzo zouma za zomera za dziko lino, ndipo kudziwa maina a zomera ndi ntchito yake. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani nthambi yoonetsa mfundo, kunsi kwa tsamba ndi duwa long'ambidwa. Chithunzi cha duwa lokha sichikwanira.

Ntchito ya sabata ino

Zungulirani pakhomo panu, kumpanda wa kutchalitchi, kumzikiti kapena kusukulu, ndipo pezani chomera chimodzi chomwe anthu amachitcha jasimini. Yankhani mafunso anayi. Kodi masamba ndi oyang'anana kapena osinthana? Kodi mukathyola tsamba pakutuluka mkaka? Kodi m'khosi mwa duwa muli timitu tingati ta mungu? Kodi zipatso ndi zamtundu wanji? Aphunzitseninso ana amene amaweta mbuzi ndi ng'ombe, chifukwa ndiwo amakhala ndi ziweto kubusa tsiku lonse.

Mayi aja anasamutsira mbande zawo 8 pafupi ndi khonde. Zinali Maid of Orleans, ndipo mvula isanathe anali atayamba kudulako nthambi. M'mbali mwa khola anabzalamo nsenjere.